Makobidi Oboola a Amayi Anga

Ndine telala. Makina anga ali pakhonde la sitolo ina pa Chitakale, pafupi ndi mphambano yopita ku Likhubula ndi ku Phalombe, ndipo ndakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri. Ambiri odutsa pano amandidziwa nkhope, n'chifukwa chake nkhaniyi yakhala ikundilemera pakamwa. Koma kukhala chete kukungopatsa mpata anthu amene anandichita chipongwe kuti akachitenso kwa wina, komanso pali chimene ndikufuna kupempha kwa inu owerenga. Ndiyamba ndi kulakwa kwanga, chifukwa akuba aja asanandibere, ine ndinali nditaba kale.

Tilipo anthu asanu pano amene tili ndi chibaba cha ndalama zakale zachitsulo. Si bungwe ayi, tilibe wapampando kapena msungichuma. Timangokumana Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi, kuseri kwa sitolo pamthunzi wa mtengo wa mapeyala, aliyense atanyamula chimene wapeza chatsopano. Anayambitsa ndi bambo wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti a Kalaliki, popeza anagwira ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuyambira nthawi imene antchito ankalandira m'mashereni. Palinso a Hedi, amene anapuma pa uphunzitsi. Pali mnyamata wa ku Likhubula wolondolera alendo okwera phiri, amene azungu amamusiyira masiliva a kwawo akatsika ku Chambe kapena ku Sapitwa. Ndiye pali mayi wina wa geni amene amaoloka pa Muloza kukaoda katundu ku Milange. Wachisanu ndine.

Mwambo wake ndi wa a Kalaliki. Timayala pabenchi kansalu kobiriwira kamene ndinasoka ndine. Ndalama sitiigwira pankhope, timaigwira m'mphepete ndi zala ziwiri. Ndipo mwini wake asanatchule chaka, ayambe wanena kumene waitenga: anali nayo ndani, ankaisunga pati, waipereka chifukwa chiyani. A Kalaliki amati ndalama yopanda mbiri ndi chitsulo chabe. Zawo amasunga m'timaenvulopu topinda okha ndi mapepala a makope akale, kunja atalemba chaka ndi mudzi umene ndalamayo inachokera.

Lamulungu lina mu Januwale 2024, mvula itangokata ndipo nkhungu itaphimba phiri lonse, a Kalaliki anafika mochedwa koma nkhope ili ngwee. Anandanditsa timaenvulopu tinayi pansalu paja n'kunena kuti, "Ana anga, lero banja lakwana." Zinali ndalama zoyamba za dziko la Malawi, za chaka cha ufulu, 1964, zonse zili ndi mutu wa Kamuzu mbali imodzi. Kuseri kwa sikisipensi kunali tambala, kwa shereni kunali chimanga chomanga pamodzi, kwa mashereni awiri kunali njovu ndi mwana wake. Yachinayi, hafukoroni ya chizindikiro cha boma, ndi imene anakhala akuisaka kwa zaka, ndipo anali ataipeza kwa mayi wina wamasiye cha ku Migowi, amene anaipeza itasokereredwa mu pilo ya malemu amuna ake. Tinaipatsirana mmodzimmodzi. Inali yolemera m'dzanja, yotuwa, m'makona a zilembo muli litsiro lakalekale.

"Taonani apa," anatero a Kalaliki, akuika 10 tambala ya 1971 pambali pa shereni. "Chaka chimene kwacha inabwera, paundi imodzi inasanduka makwacha awiri. Shereni inakhala 10 tambala, chimanga n'chomwechi. Mashereni awiri anakhala 20 tambala, njovu n'zomwezi. Ine ndinali patebulo la malipiro chaka chimenecho. Amayi othyola tiyi sankayang'ana nambala, ankayang'ana chimanga ndi njovu, basi."

Mayi wa geni anatulutsa eskudo ya nthawi ya Apwitikizi ndi metikali ya 1980, chaka chimene a ku Mozambique anasiya eskudo. A Hedi anabweretsa tiki ya ku South Africa, kandalama kakang'ono ngati chikhadabo, imene malemu achimwene awo anabwera nayo pochokera ku Wenela. Itafika nthawi yanga ndinaika pansalu K1 ya 1996, ya mutu wa Bakili Muluzi ndi nkhwazi kuseri. Aliyense pagulupo anali nayo kale. Palibe amene anandiseka. A Kalaliki anaitembenuza mwaulemu n'kuyamikira kuti nthenga za nkhwazi zikuoneka bwino. Koma ine ndinabwerera kunyumba mtima ukutentha. Zaka zitatu ndili pagulu limenelo ndinali ndisanabweretse kanthu koti anthu n'kugwira pakamwa, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kumene kunali chinthu chotero.

Amayi anga amakhala kumudzi m'tsinde mwa phiri, ulendo wa ola limodzi pa njinga kuchokera pa Chitakale. Zaka zawo zapitirira 75, ndipo maso awo agwidwa ng'ala. Bambo awo, agogo anga, anali Mlomwe amene anaoloka malire ali mnyamata kudzafuna ntchito m'minda ya tiyi, monga anachitira ambiri a mtundu wathu. Ntchito yawo inali yodulira tiyi, ndipo ankayenda ndi mpeni ndi tupa lonolera. Tsiku la malipiro, zinthu zikakhala kuti zayendako bwino, ankabweretsera mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo khobidi limodzi loboola pakati. Asanapereke ankalicheka kawiri m'mphepete ndi tupa lija, kuti alongo ake akaliba asakane. Kenako ankalitunga pa kachingwe ka khonje kamene anapota okha, n'kumanga mfundo. Ankati, "Akadzakwana khumi ndi awiri ndiye shereni yathunthu, udzagule chimene mtima wako ukufuna." Sikunali mwezi ndi mwezi. Zinatenga zaka, ndipo m'chaka chimene makobidiwo anakwana khumi ndi awiri agogo anadwala chifuwa n'kutisiya. Amayi sanagulire kanthu. Kumapeto kwa chingwecho kunalinso kakhobidi kakang'ono ka theka, ka akadyamsonga awiri, kamene agogo anaonjezera ngati basera.

Chingwe chimenechi chinkakhala m'kachitini ka tiyi, pansi penipeni pa sutikesi. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osakata, madzi ndi miyala zikutsika m'phiri, khoma limodzi la nyumba ya amayi linagwa usiku. Anasiya ufa, anasiya mabulangete, koma kachitini kaja anakamanga m'chitenje m'chiuno, ndipo masabata onse amene anagona pasukulu pamodzi ndi anzawo othawa madzi sanakamasule. Zonsezi ndinkazidziwa.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinapalasa njinga kupita kumudzi nditanyamula shuga ndi sopo. Titacheza ndinati, "Amayi, tandibwerekani makobidi a agogo aja. A Kalaliki akufuna angowaona, Lolemba ndibweza."

Anakhala kaye chete. Kenako anati, "Mwananga, chingwe chimenecho sichinatulukepo m'manja mwanga. Bambo amenewo ngati akufuna kuona, abwere konkuno. Ndiwaphikira kalongonda."

Ndinavomera ndi pakamwa. M'mawa mwake iwo atapita kumunda kukabandira, ndinatsegula sutikesi, ndinachotsa chingwe m'kachitini, ndinabwezera kachitini pamalo pake chopanda kanthu. Mumtima ndinkadziuza kuti ndikubwereka chabe, ndipo ndi maso awo aja sadziwa n'komwe. Kumeneko kunali kuba, ndipo ndikukutchula ndi dzina lake.

Loweruka usiku ndinayala makobidi aja patebulo pansi pa nyali. Anali akuda ngati mphika wa nyemba, ena ali ndi timadontho tobiriwira. Ndinaona kuti sindingapite nawo pagulu ali choncho. Ndinkafuna awale, anthu aone njovu zili mbee. Koma mfundo zija zinkanditchinga kukwecha bwino, ndipo zinali zitalimba moti chikhadabo sichikanatha kumasula. Ndinatenga sizasi yanga yodulira nsalu. Khonje lakale silivuta, linangoti phwe, phwe, ngati udzu wouma. Ndinafinyira mandimu m'mbale, ndinathira phulusa, ndinatenga sitiliwulo yotsukira mapoto, n'kuyamba kukwecha limodzilimodzi mpaka pakati pa usiku. Akazi anga anadzuka, anaima pakhomo la kuchipinda n'kufunsa kuti, "Bambo a ana, amayi akudziwa zimenezi?" Ndinati akudziwa. Sanayankhe. Anangowerama n'kutola tizidutswa ta chingwe tinali pansi.

Lamulungu ndinadikira kuti onse amalize, kenako ndinakhuthula makobidi anga pansalu yobiriwira. Anawala padzuwa ngati mkuwa wongotuluka kumene m'ng'anjo. Mnyamata wa ku Likhubula anaimba likhweru. Koma a Kalaliki sanatambasule dzanja. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, n'kutulutsa galasi lawo lokulitsa zinthu.

"Atelala, mwawatani makobidiwa?"

Ndinafotokoza monyadira za mandimu ndi phulusa.

"Taonani nokha," anatero, akundipatsa galasi lija. Ndinaona njovu ziwiri zitaima ndi miyendo yakumbuyo, ina uku ina uku, bowo lili pakati, chisoti chachifumu pamwamba. Koma thupi lonse la njovuzo linali mikwingwirima yokhayokha, timizere masauzande topingasana ngati pansi pa sefuliya yakale. "Kuda kuja silinali litsiro," anatero a Kalaliki motsitsa mawu. "Ndi khungu limene mkuwa umamera pang'onopang'ono ukamakumana ndi mpweya ndi thukuta la m'manja. Limatenga zaka makumi ambiri, ndipo ndi limene limateteza chitsulo. Wodziwa ndalama akaona yokwechedwa amaibweza. Chimene mwachotsa usiku umodzi simudzachionanso inu muli moyo."

Anawatembenuzabe limodzilimodzi, mwachifundo ngati akuona odwala. Khumi ndi limodzi anali a Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha kumapeto kwa 1963, ndipo anatisonyeza dzina la Mfumukazi Elizabeth lolembedwa mozungulira popanda nkhope yake, poti bowo linatenga malo. Limodzi linali lakale kuposa onse, la Southern Rhodesia, la dzina la Mfumu George, lochokera nthawi imene Nyasaland ankagwiritsa ntchito ndalama za kumeneko. Atafika pa la 1958 anaima. "Ili ndi la chaka chimene Kamuzu anatera pa Chileka, pa 6 Julaye. Chaka chotsatira, mu Malichi, anamumanga n'kupita naye ku Gwelo." Kenako chala chawo chinakhudza timipata tiwiri ta m'mphepete. Anayang'ana lina, n'kupeza chimodzimodzi. "Uyu anacheka ndani?" Ndinawauza za agogo, za tupa, za chingwe. Atafunsa kumene kunali chingwecho, ndinayang'ana pansi.

"Kabwezeni lero lomwe dzuwa lisanalowe," anatero. "Mukagwade, mukanene zonse."

Ndikanamvera mawu amenewo, bwenzi nkhaniyi itathera pamenepa. Koma manyazi anandigwira miyendo. Ndinati ndipita mawa, mawa lake ndinati mkuja.

Lachiwiri kunabwera bambo wina pakhonde panga ndi buluku loti ndilifupikitse. Anali wooneka bwino, nsapato zopolisha, wolankhula mofatsa, ndipo ankanditchula kuti achimwene. Ndikusoka, anati wamva kuti ndili ndi makobidi oboola. Pa Chitakale nkhani siigona. Anati iye amagwira ntchito ndi azungu ena ogula zinthu zakale, ndipo chimene amafuna si khobidi lenilenilo koma mekyule imene atsamunda anabisa m'kati mwake. Anatchula za rupiya ya Ajeremani ya mkango ndi mtengo wa kanjedza, imene anati yalemeretsa anthu ku Tanzania, za simbi zamakala zakale, za mawailesi akale. Ndinamuuza mwachisoni kuti anga ndinawaononga pokwecha. Anaseka pang'ono n'kunena kuti zimenezo ndi nkhani za okalamba osunga zinthu m'maenvulopu, mekyule ili m'kati, sitiliwulo siifikako.

Anapempha kuti ayese limodzi. Analiika pachikhatho chake, n'kundiuza kuti nditenge singano yanga ndiiyandikize. Ndinatenga singano ya pamanja imene ndimasokera mabatani. Itatsala pang'ono kufika, inathawa m'zala zanga n'kukamatirira pa khobidi. Ndinaona ndi maso angawa. Thupi lonse linachita tsembwe. Anayesa onse khumi ndi awiri, onse anakoka singano. Kakhobidi ka akadyamsonga anakakankhira pambali, akuti mtundu umenewo mulibe kanthu. Kenako anatchula mtengo: mamiliyoni awiri pa khobidi limodzi.

Sindikufuna kudzichotsera mlandu, koma ndinene m'mene zinthu zinalili. Mu Novembala 2023 kwacha inali itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Nsalu, ulusi, zipi, zonse zinali zitakwera, pomwe makasitomala ankafuna mtengo wakale. Mwana wanga wamkazi anali atabwezedwa kusukulu kamba ka fizi. Khoma la amayi lija linali lotchinga ndi pepala la pulasitiki mpaka nthawi imeneyo. Usiku umenewo ndinawerengera mamiliyoni makumi awiri ndi anayi, ndinamangira amayi nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, ndinawatengera kuchipatala kukachotsa ng'ala, ndipo ndinadziuza kuti akadzaona zonsezo adzaiwala za chingwe. Umbombo wanga ndinauveka malaya a chifundo. Kwa a Kalaliki sindinapite, chifukwa ndinkadziwa chimene akanandiuza.

Panali chinthu chimodzi chokha chofunika, anatero bambo uja: K180,000 ya mankhwala oyezera ndi kalata ya umwini, yobwezedwa tsiku lomwelo malonda akatheka. Ndinauza akazi anga kuti ndapeza oda ya mayunifolomu ndipo ndikufuna mpamba wa nsalu. Iwo anakatenga ngongole ku banki mkhonde m'dzina lawo.

Lachisanu m'mamawa tinakwera minibasi yodzera msewu wa Midima. Iye anandilipirira, ndipo pa Nkando anandigulira chimanga chootcha. Ku Limbe tinalowa m'kanyumba kena kodyera pafupi ndi msika, momwe tinapeza bambo wina wonenepa wa chikwama chakuda. Ameneyu sanalankhule zambiri. Anayeza makobidi pa kasikelo kakang'ono, analemba manambala m'kabuku, anawerenga ndalama zanga kawiri, n'kunena kuti makina oyezera ali m'chipinda cham'mwamba m'nyumba yoyandikana nayo, koma mzungu salola anthu ambiri. Anakulunga makobidi m'kansalu koyera. Ndikukumbukira kuti dzanja langa linakana kuwasiya, ndipo mnzanga uja anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndili nanu pompano, mukuopa chiyani?" Ndinamuona wonenepa uja akulowa pakhomo la nyumbayo. Patapita mphindi makumi awiri, mnzanga anati mayunitsi amuthera, akagule pakona kuti amuimbire. Anasiya jekete lake pampando.

Ndinalondera jekete limenelo kuyambira 11 koloko mpaka 4 koloko. Nditaimba, foni yake inali yozima. Nditalowa pakhomo paja ndinapeza kuti ndi kanjira chabe kodutsa pakati pa masitolo, kotulukira msewu wina kuseri. Mayi wina wosesa anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, akuberani chiyani?" Ndinali ndisananene kanthu. M'matumba a jekete munali pepala la nyuzi lopindapinda. M'thumba langa munali ndalama yokwerera yokha, ndi kakhobidi ka akadyamsonga.

Ndinakanena kupolisi, koma dzina limene ndinapereka linali lopeka, ndipo nambala ya foni sinagwirenso ntchito. Usiku womwewo ndinagogoda kwa a Kalaliki. Sanandikalipire. Anatulutsa khobidi lawo loboola ndi singano, singanoyo sinasunthe. Kenako anapana kamaginito kakang'ono ka mu sipika ya wailesi pakati pa zala, kunsi kwa khobidi, ndipo singano inalumpha. "Khobidi ili ndi mkuwa wosakaniza ndi zitsulo zina pang'ono," anatero. "Mkuwa sukoka singano. Mekyule nayo siikoka singano, ndipo ndi yamadzimadzi, mwaionapo m'kagalasi koyezera kutentha kwa thupi. Ingakhale bwanji m'khobidi? Awa anawasula ku London mamiliyoni ndi mamiliyoni kuti anthu azigulira mchere ndi machesi. Wogula woona angakupatseni ya botolo la zoziziritsa kukhosi pa limodzi, mwina awiri. Mtengo wa makobidi a mayi anu unali pa timipata tija ndi pa mfundo zija. Kwa wina aliyense ndi achabe."

Apa ndi pamene ndinachita choipa chachitatu, chimene chimandiwawa kuposa zonse. Ndinapempha a Kalaliki kuti andigulitse makobidi awo apadera, ndikawatunge pa chingwe china. Anakana. Anati sangathandize mwana kunamiza mayi ake osaona. Ndinapita ndekha ku Blantyre kwa anyamata ogulitsa ziboliboli, ndipo m'maulendo awiri ndinapeza khumi ndi awiri, akuda bwino ngati aja ndisanawakweche, ngakhale la Mfumu George linapezeka. Ndinabwereka tupa n'kucheka kawiri m'mphepete mwa lililonse. Ndinapota khonje, ndinalipaka mwaye ndi mafuta, ndinamanga mfundo. Manja a telala amadziwa kubisa msoko. Nditamaliza ndinakhutira kuti ngakhale woona bwino sangasiyanitse.

Ndinafika kumudzi Loweruka madzulo ndi cholinga choti ndibwezere m'kachitini mwakachetechete. Ndinapeza amayi atakhala pamkeka pakhonde, kachitini kali pamiyendo, kotsegula.

"Wabwera nawo?" anafunsa ndisanakhale n'komwe pansi.

Anali atadziwa kuyambira tsiku loyamba. Anati usiku uliwonse asanagone amagwedeza kachitiniko kuti amve kulira kwake, ndipo kwa masabata asanu ankangodikira kuti ndibwere ndekha. Ndinaika chingwe changa m'manja mwawo. Sanachiyandikize kumaso. Anachiyendetsa m'zala, khobidi loyamba, mfundo, lachiwiri, mfundo. Pa lachitatu anaima, chala chachikulu chikusisita m'mphepete.

"Tupa la bambo anga silinkaluma chonchi," anatero. "Timipata tawo tinasalala kalekale. Ndiponso iwo anali amanzere, ankacheka mopendekera uku. Awa acheka ndi munthu wamanja." Anachiika pamkeka pang'onopang'ono. "Mwananga, makobidi a bambo anga ali kuti?"

Ndinagwada pafumbi ndipo ndinanena zonse, kuyambira pa sutikesi mpaka pa jekete. Sanalire mokweza, sanatukwane. Anayamba kuwerenga pa zala zopanda kanthu. Loyamba, la Mfumu lija, anawapatsa atachira chikuku. Lina anawapatsa tsiku limene anayamba kusenza okha mtsuko kuchokera kumtsinje. Lina linabwera chaka cha chipwirikiti, asilikali akuyendayenda m'misewu, agogo atabwera usiku kudzera m'tiyi. Lina anawapatsa atatha msinkhu. Lomaliza analicheka ali gone pamphasa, dzanja likunjenjemera, moti kampata kachiwiri kanangokhala kokanda chabe. Khobidi lililonse linali ndi tsiku lake. Ine ndinakula ndi chingwe chimenecho m'nyumba, ndakhala zaka zitatu pagulu limene lamulo lake loyamba ndi kufunsa mbiri ya ndalama, koma sindinawafunsepo amayi anga ngakhale kamodzi.

"Chimene chandipweteka si akuba a ku Limbe," anatero pomaliza. "Iwo sandidziwa. Koma iwe unakhala pansi n'kupota chingwe choti unamize nacho maso angawa."

Ndinatulutsa kakhobidi ka akadyamsonga. Anakagwira, anapeza timipata take, n'kukafumbata.

Amalume, monga eni mbumba, anaitanitsa banja sabata yotsatira, ndipo ndinabwereza zonse pamaso pa alongo anga ndi akazi anga. Kumeneko ndi kumene akazi anga anamva koyamba kuti oda ya mayunifolomu kunalibe. Anapirira manyazi ku banki mkhonde chifukwa cha ine, ndipo ngongoleyo ndi chiwongoladzanja chake ndinaimaliza patatha miyezi isanu ndi iwiri, nditagulitsa njinga. Pamsonkhano womwewo iwo anamasula kansalu n'kupereka kwa apongozi awo tizidutswa ta khonje timene anatola usiku uja. Anali atatisunga. Mfundo khumi ndi zitatu za agogo zonse zinalipo. Amayi anaziika m'kachitini pamodzi ndi kakhobidi kaja, ndipo akagwedeza tsopano kamalira kamodzi kokha.

Makobidi onama aja ndinawapereka kwa a Hedi kuti azisonyeza ana a sukulu. Pagulu ndinasowa miyezi itatu, mpaka a Kalaliki anabwera okha pakhonde panga ndi malaya ong'ambika kolala, n'kunena kuti nsalu yobiriwira ikufuna mwini wake. Mwezi wotsatira anakwera kabaza, pa msinkhu wawo, kupita kumudzi kukaona amayi. Anadya kalongonda, ndipo anakhala tsiku lonse akulemba m'kope mbiri ya makobidi khumi ndi awiri amene panalibe.

Tsono pempho langa ndi ili. Anthu aja sakanatha kugulitsa makobidiwo kwa mzungu aliyense, poti mzunguyo kunalibe. Ndikhulupirira kuti anawataya kwa ogulitsa zinthu zakale pamtengo wozizira, kapena akuwagwiritsa ntchito ngati nyambo pokola ena, ku Limbe, ku Luchenza, ku Thyolo, mwina kutsidya kwa Muloza. Wina akakuonetsani khobidi lokoka singano, muuzeni aliike patebulo, achotse dzanja lake. Ndipo mukaona khobidi loboola la njovu ziwiri, lowala mosayenera msinkhu wake, lokandikakandika ndi sitiliwulo, lokhala ndi timipata tiwiri topendekera m'mphepete, chonde musalitaye ndipo musalikwechenso. Fikani nalo pa Chitakale Lamulungu masana, mufunse kumene amakumana a ndalama zakale. Ndidzaligula pamtengo umene mungatchule, ngakhale litakhala limodzi lokha. Amayi anga akadali moyo, ndipo zala zawo zidzalizindikira.